ZAKUDYA, MAKHALIDWE NDI MATENDA A KHANSA M'PHUNZIRO LA CINYANJA

1. Cifukwa cophunzitsira mutu uwu

Mukadzatumizidwa ku sukulu ya ku Chunga, Matero, George kapena komboni ina iriyonse ya mu Lusaka, mudzapeza kuti mau akuti khansa ana anawamva kale. Ena anawamva pa maliro, ena pa wailesi, ndipo ena ali ndi wodwala m'nyumba mwao. Cimene ambiri sanamve ndi tanthauzo lake lolongosoka. Wina adzakuuzani kuti khansa ndi matenda a anthu olemera, wina adzati ndi ufiti, ndipo wina adzati mankhwala ake amagulitsidwa m'mabotolo pa siteshoni ya mabasi. Maganizo otere amayenda ndi mau, ndipo kuongola mau ndiyo nchito ya mphunzitsi wa cinenero.

Mutu uwu umapezekanso m'phunziro la sayansi, koma phunziro la Cinyanja liri ndi mwai wake. Zimene mwana waphunzira m'Cinyanja amakazifotokoza kunyumba madzulo omwewo, m'cinenero cimene amai ake amagulira ndiwo pamsika. Mfundo imene ayenera kupita nayo ndi iyi: kadyedwe kabwino ndi makhalidwe abwino zimacepetsa ngozi yodwala khansa, ndiponso zimapatsa wodwala mphamvu, koma palibe cakudya cimene cimaciritsa khansa. Banja limene lasokoneza ziwirizi limataya miyezi yambiri likuyesa zitsamba ndi zakumwa, ndipo limafika kucipatala matenda atakula.

2. Zolinga

Mukatha kuwerenga mutu uwu mukhoze (a) kufotokoza khansa m'mau amene mwana wa Giredi 4 mpaka 6 angamve. (B) kusiyanitsa kupewa, kuciza ndi kusamalira. (C) kuchula zakudya ndi makhalidwe zimene zimacepetsa kapena kukulitsa ngozi. (D) kukonza phunziro la kumvetsera, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba pa mutu umenewu.

3. Kodi khansa ndi ciani?

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo amabadwa, amagwira nchito yao, amakalamba ndi kufa, ndipo atsopano amalowa m'malo mwao. Ndiye cifukwa cake cironda cimapola ndipo mwana amakula. Khansa imayamba pamene maselo ena aonongeka ndi kuyamba kuswana mosalekeza. Kawirikawiri amapanga cotupa, ndipo akalekereredwa amayenda m'thupi kukamera m'ziwalo zina. Si cotupa ciriconse cimene ciri khansa. Wodziwa kusiyanitsa ndi dokotala, atapima.

M'Zambia khansa imene imagwira amai ambiri ndi ya khomo la ciberekero, ndipo yaciwiri ndi ya m'bere. Pakati pa amuna yofala ndi ya prostate, kaciwalo kamene kali pansi pa cikhodzodzo. Palinso ya pakhungu yochedwa Kaposi sarcoma, imene imakonda kugwira anthu amene citetezo ca thupi lao cafooka ndi HIV, ndiponso ya kum'mero ndi ya ciwindi. Khansa yeniyeniyo siyambukira. Simungaitenge podyera mbale imodzi ndi wodwala, pomupatsa moni kapena pomucapira zobvala. Zimene zimayambukira ndi tizirombo tina timene tikakhalitsa m'thupi tingayambitse khansa, monga HPV ndi hepatitis B, ndipo tiwiri tonseti tiri ndi katemera.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti mwa odwala khansa 100 alionse, pakati pa 30 ndi 50 akanatha kuipewa. Muwerenge ciwerengero cimeneci mbali zonse ziwiri. Cikutiuza kuti pali zambiri zimene tingacite. Cikutiuzanso kuti theka la odwala, kapena kuposa pamenepo, amadwala popanda cimene akanacita kuti apewe. Cotero wodwala sayenera kuimbidwa mlandu.

4. Aneni atatu ofunika

Phunziro lonse laima pa aneni atatu, ndipo muyenera kuwalemba pabolodi tsiku loyamba.

Kupewa ndi kucita zinthu zocepetsa ngozi matenda asanabwere. Iyi ndi nchito ya munthu aliyense, kukhichini, pamsika ndi pa bwalo la masewera.

Kuciza ndi kulimbana ndi matenda amene afika kale. Iyi ndi nchito ya cipatala: kucotsa cotupa ndi opaleshoni, kupereka mankhwala amphamvu opha maselo oipa, kapena kuocha maselowo ndi makina a ceza camphamvu. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital, cimene ciri pafupi ndi University Teaching Hospital mu Lusaka, cinatsegulidwa mu 2007. Cisanamangidwe, odwala ofunika cithandizo ca makina otere anali kutumizidwa ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Munthu wa ku Chunga amayambira ku kiliniki ya kufupi kapena ku cipatala ca Matero, ndipo kumeneko ndiko amamulembera kalata yopitira ku cipatala cacikulu.

Kusamalira ndi kudyetsa, kusambitsa, kuperekeza ndi kutonthoza wodwala. Iyi ndi nchito ya banja ndi anansi, ndipo imayenda pamodzi ndi kuciza. Silowa m'malo mwake.

Onani kusiyana kwa ziganizo izi: “Ndiwo zamasamba zimacepetsa ngozi ya khansa” ndi “Ndiwo zamasamba zimaciritsa khansa.” Zasiyana mneni mmodzi yekha, koma coyamba ndi coona pamene caciwiri ndi bodza limene lingaphe munthu. Mwana amene wazindikira kulemera kwa mneni mmodzi waphunzira cinenero ndiponso waphunzira za umoyo.

5. Cuku ca m'cimanga ndi nshawa

Ngozi imene iri pafupi kwambiri ndi mbale ya mwana wa m'komboni iri m'zakudya ziwiri zimene amadya kawirikawiri. Cimanga ndi nshawa zikakololedwa zisanaume bwino, kapena zikasungidwa pa cinyezi, zimacita cuku. Mtundu wina wa cuku, wochedwa Aspergillus flavus, umatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Munthu akadya wambiri nthawi imodzi, ciwindi cimaonongeka msanga ndipo akhoza kufa. Akamadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ngozi ya khansa ya ciwindi imakula, makamaka ngati ali kale ndi hepatitis B.

Poizoniyu anadziwika pambuyo pa caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi nshawa zocokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya cimanga cokhala ndi aflatoxin. Kuno kwathu, mu August 2024, caka ca cilala cacikulu, nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya zopangidwa ndi cimanga coipa, ndipo kuti poizoniyo anapezekanso mu ufa wa m'zigayo zina. Cilala cimafooketsa mbeu m'munda, ndipo mbeu yofooka cuku cimailowa mosabvuta.

Cinthu cimene ana ayenera kumvetsa ndi cakuti aflatoxin satha ndi moto wa m'khichini. Kuphika, kukazinga kapena kusinja sikumucotsa. Nshawa zoola zikasinjidwa n'kukhala nsinjiro kapena ciponde, diso silingazizindikirenso. Njira yodalirika ndiyo kuzisankha zisanasinjidwe.

Mabanja ambiri a ku Chunga salima. Amagula ku Soweto, pa msika wa Matero kapena pa kantemba. Nyumba zambiri ndi zazing'ono, ndipo nthawi ya mvula makoma ndi pansi zimacita cinyezi. Motero malangizo oyenera kumeneko ndi awa. Pogula nshawa, yang'anani ndi kununkhiza. Zofota, zosweka, zakuda kapena zobiriwira, zobooledwa ndi tizirombo ndiponso zowawa zonse zitayidwe. Gulani nshawa zathunthu ndi kusinja nokha mutasankha. Thumba la ufa likhazikidwe pa matabwa kapena pa mpando, lisagunde khoma. Ufa umene waumbana ndi kununkha cinyezi usaphikidwe. Zosankhidwazo zisaperekedwe kwa nkhuku kapena ziweto zina, popeza nazonso zimadwala nazo.

Samalani kuti ana asacoke m'kalasi akuopa nshawa. Nshawa zabwino ndi cakudya comanga thupi, ndipo m'nyumba zambiri ndizo zimalowa m'malo mwa nyama. Phunziro ndi la kusankha ndi kusunga.

6. Mbale ya tsiku ndi tsiku

Anthu ambiri amaganiza kuti cakudya coteteza thupi ndi ca m'masitolo akuluakulu. Zoona zake n'zakuti cambiri ciri pa thebulo la amai ogulitsa ndiwo m'mbali mwa mseu. World Health Organization imalangiza kuti munthu wamkulu adye magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso pa tsiku, ndiko kuti pafupifupi manja asanu odzaza. Cibwabwa, bondwe, kalembula, katapa, repu, delele ndi impwa zonse zimawerengedwa, pamodzi ndi mango, magwafa, masuku, nthoci ndi mapapaya m'nyengo yake. Zitsukidwe ndi madzi abwino, ndipo masamba asaphikidwe mpaka kufiira.

Zakudya zimene sizinacotsedwe gaga wake, pamodzi ndi nyemba, kayera, nandolo ndi soya, zimathandiza matumbo kugwira nchito bwino ndipo zimacepetsa ngozi ya khansa ya m'matumbo. Mgaiwa ndi ufa wa roller ziri ndi gaga wambiri kuposa ufa woyera wa breakfast, ngakhale kuti ena amazinyoza ngati cakudya ca osauka. Cofunika ndi cakuti cimanga cake cikhale couma ndi cosacita cuku.

Pali zina zofunika kucepetsa. Mu 2015 bungwe la International Agency for Research on Cancer, limene liri ku Lyon m'dziko la France, linaika nyama zokonzedwa m'mafakitale, monga soseji ndi polony, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Izi sizitanthauza kuti soseji imodzi ya pa Khirisimasi idwalitsa mwana. Ngozi iri m'cizolowezi ca tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Mcere wa munthu wamkulu usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kasupuni ka tiyi kamodzi, cifukwa zakudya za mcere wambiri zimakulitsa ngozi ya khansa ya m'mimba. Kapenta ndi nsomba zamcere zibviikidwe kaye m'madzi. Zakumwa zotsekemera, vitumbuwa ndi machipisi zikacuruka zimanenepetsa, ndipo kunenepa kopitirira kumakulitsa ngozi ya khansa zingapo, monga ya m'matumbo, ya m'ciberekero ndi ya m'bere. Mu 2016 bungwe lomwe lija linacenjezanso za zakumwa zotentha kuposa madigiri 65, zimene zimaocha kum'mero. Tiyi ndi phala ziyembekezedwe kuti zizizireko.

7. Makhalidwe

Fodya ndiye mdani woyamba. Utsi wake uli ndi mankhwala pafupifupi 70 oyambitsa khansa, ndipo umapweteka wosuta pamodzi ndi amene ali naye pafupi. Nsunko ndi fodya yemweyo, ngakhale alibe utsi. Boma la Zambia linaletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri mu 2008, koma m'cipinda cimene mwana amagona, wosunga lamulo ndi kholo.

Mowa wa mtundu uliwonse, kaya kacasu, wamasese kapena wa m'botolo, umakulitsa ngozi ya khansa ya m'kamwa, kum'mero, ciwindi, matumbo ndi m'bere. Tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene ngakhale ana a sukulu anali kugula, tinaletsedwa mu 2012. Munthu amene amasuta ndi kumwa pamodzi ngozi yake imakula koposa.

Utsi wina ndi wa pakhomo. Mbaula isayakire m'cipinda cotseka, ndipo isakolezedwe ndi mapulasitiki, pakuti pulasitiki ikapsa imatulutsa poizoni. Ku Chunga ndiko kuli dzala lalikulu la mzinda wa Lusaka, ndipo ana a kumeneko amaudziwa utsi wa zinyalala. Alangizeni kuti asasewere pamene zinyalala zikupsa, ndiponso asatole zakudya zotayidwa.

Thupi limafuna kuyenda. Mwana afunika mphindi 60 pa tsiku za masewera otulutsa thukuta, monga mpira, waida ndi kulumpha cingwe. Wamkulu afunika mphindi zosacepera 150 pa sabata. Mwana wacialubino ali pa ngozi yaikulu ya khansa ya pakhungu cifukwa ca dzuwa. Muloleni kubvala cipewa ca mlomo waukulu ndi malaya a manja aatali, ndipo pa msonkhano wa m'mawa aime pamthunzi.

Kupita ku kiliniki usanadwale nako ndi khalidwe. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la katemera amene makanda amalandira. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la ciberekero, anayesedwa m'cigawo ca Lusaka kuyambira mu 2013 ndipo anafikitsidwa m'dziko lonse mu 2019. Amagwira bwino nchito akaperekedwa kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14, amene ambiri a iwo ali m'manja mwanu. Mphekesera yakuti amatseketsa mtsikana kubereka ndi yabodza. Kupima amai kunayamba m'makiliniki a boma mu Lusaka mu 2006: namwino amapaka viniga pa khomo la ciberekero, malo oyamba kuonongeka amaoneka oyera, ndipo amacizidwa asanasanduke khansa. Mai wokhala ndi HIV ali pa ngozi yoposa ya mnzake kasanu ndi kamodzi, cotero kupimitsa ndi kumwa ma ARV mosadumphitsa n'zofunika kwambiri kwa iye.

8. Kusamalira wodwala

Matendawa pamodzi ndi mankhwala ake amphamvu amacititsa mseru, zironda za m'kamwa, kutopa ndi kusafuna kudya. Wodwala amaonda, ndipo woonda kwambiri amalephera kupirira cithandizo ca kucipatala. Apa colinga ca cakudya cimasintha: si kucepetsanso mafuta ndi shuga, koma kusunga mphamvu. Wodwala apatsidwe cakudya cocepa koma pafupipafupi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Phala lothira nsinjiro za nshawa zosankhidwa bwino, dzira lophika, mkaka wowiritsa, nyemba zopota, kandolo ndi nthoci zakupsa zimalowa mosabvuta. Ngati m'kamwa muli zironda, tsabola, mandimu ndi zakudya zotentha zipewedwe. Citetezo ca thupi la wodwala cimakhala cofooka, motero madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, manja asambidwe ndi sopo, ndipo cakudya cogona cisaperekedwe cisanatenthetsedwe bwino. Wodwala asakakamizidwe kudya ndi mau okalipa.

Banja la wodwala limalandira malangizo ambiri: kwa anansi, kwa ogulitsa mankhwala m'mabasi, ndiponso pa WhatsApp ndi Facebook. Ena amati moringa, mandimu osakaniza ndi soda kapena kusala kudya kumapha khansa. Palibe cimodzi mwa izi cimene cimaciritsa, ndipo kusala kudya kumafooketsa wodwala amene ali wofooka kale. Zitsamba zina zimasokoneza mankhwala a kucipatala, cotero dokotala auzidwe ciriconse cimene wodwala akumwa. Kupemphera ndi kupita kucipatala sizitsutsana. Ngakhale pamene matenda afika posaciritsika, ululu ukhoza kucepetsedwa ndi mankhwala, ndipo banja liri ndi ufulu wowapempha.

Zizindikiro zofunika kupita nazo ku kiliniki mosazengereza ndi izi: cotupa cimene cikukula, cironda cosapola, kutaya magazi mosadziwika bwino, kubvutika kumeza, cifuwa cosatha ndi kuonda popanda cifukwa. Kwa ana, onani kutupa kwa nsagwada kapena mimba, ndi kadontho koyera pakati pa diso. Khansa za ana kawirikawiri sizibwera cifukwa ca zakudya, ndipo zambiri zimacira zikapezeka msanga. Inu amene mumaona nkhope ya mwana masiku asanu pa sabata mukhoza kukhala woyamba kuzindikira. Nchito yanu si kuchula dzina la matenda, koma kudziwitsa mphunzitsi wamkulu ndi makolo.

9. Kaphunzitsidwe kake

Mau a kunyumba ndi mau a m'buku. Cinyanja ca mu Lusaka cinatenga mau ambiri ku zinenero zina za m'dziko muno. Mwana akati unga, buku limati ufa. Akati bondwe, buku limati bonongwe. Kalembula ndi kholowa, katapa ndi cigwada, kandolo ndi mbatata, malasha ndi makala. Musakane mau a mwana. Lembani mizere iwiri pa chati, wina wa mau a kunyumba, wina wa mau a m'buku, ndipo ana adzaze okha. Mwana amene wanyozedwa cifukwa ca dzina la ndiwo zimene amadya satsegulanso pakamwa.

Miyambi. “Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere” ugwirizana ndi nshawa yooneka bwino kunja ndiponso ndi botolo la mankhwala lokhala ndi cithunzi cokongola. “Mbewa ya manyazi inafera ku una” ugwirizana ndi munthu wobisa cotupa. “Safunsa anadya phula” ugwirizana ndi womwa mankhwala osafunsa dokotala. Ana afotokoze okha kugwirizana kwake.

Phunziro la citsanzo: Giredi 5, mphindi 40. Zipangizo: mbale ya nshawa zosasankha, lichero, chati ca nkhani yowerenga.

Ciyambi, mphindi 5: funsani ana ndiwo zimene amai amathira nsinjiro, ndi kumene nshawazo zimagulidwa. Musafunse mwana aliyense payekha cimene anadya dzulo.

Gawo loyamba, mphindi 10: ana m'magulu asankhe nshawa, zabwino kwina, zoipa kwina, ndipo achule afotokozi oyenera: yofota, yosweka, yakuda, yonona, youma. Lembani mauwo pabolodi, kenaka phunzitsani mau atsopano: cuku, cinyezi, ciwindi, poizoni, kupewa. Ana asadye nshawazo, ndipo asambe m'manja akatha.

Gawo laciwiri, mphindi 10: werengani nkhani iyi mokweza, kenaka ana awerenge camumtima.

Ambuya anagula nshawa pa msika wa Matero. Atafika kunyumba anazithira m'lichero nayamba kusankha. Mdzukulu wao anati, “Ambuya, mukutayiranji zimenezo? Tikazikazinga zidzakhala bwino.” Ambuya anayankha kuti, “Iai, mdzukulu wanga. Izi zacita cuku, ndipo poizoni wa cuku saopa moto. Akalowa m'thupi amaononga ciwindi.” Mwanayo anafunsanso kuti, “Nanga zabwinozi zingaciritse amalume amene akudwala khansa?” Ambuya anati, “Zabwinozi tidzathira m'phala lao kuti apeze mphamvu. Kuciza ndi kwa kucipatala, ndipo mawa tidzawaperekeza.”

Gawo lacitatu, mphindi 10: mafunso. Kodi Ambuya anataya nshawa zotani? Ndi ciwalo citi cimene cuku cimaononga? Cifukwa ciani kukazinga sikuthandiza? Kodi phala lidzawacitira ciani amalume, ndipo ndi ciani cimene silingacite? Funso lotsirizali ndilo mtima wa phunziro, lipatseni nthawi.

Mathero, mphindi 5: mwana aliyense alembe ziganizo zitatu, cimodzi ca mneni kupewa, cina kuciza, cina kusamalira.

M'maphunziro otsatira, ana angalembe kalata kwa msuweni wao yomufotokozera kasungidwe ka ufa m'nyengo ya mvula, angacite kasewero ka wogulitsa mankhwala ndi namwino, kapena mtsutso pa mutu wakuti “Cakudya cabwino ndi ca ndalama zambiri.” Tsiku la 4 February, limene dziko lonse limakumbukira matenda a khansa, ndi loyenera kuonetsa nchito zotere kwa makolo.

10. Zofunika kusamala

M'kalasi la ana ambiri simudzalephera kukhala mwana amene anataya kholo ndi matendawa, kapena amene akudwazika amai ake. Musachule dzina la wodwala aliyense wa m'komboni ngati citsanzo, ndipo musalole ana kutero. Musanene kuti “wakuti anadwala cifukwa anali kumwa mowa”. Nenani kuti mowa umakulitsa ngozi. Musaonetse zithunzi zoopsa. Mwana wobvutika muonane naye padera.

Kumbukiraninso kuti mwana sasankha cimene ciphikidwa kwao, ndipo m'nyumba zina funso lalikulu ndi lakuti kodi lero kudzaphikidwa kanthu. Pewani mau oti cakudya ca olemera ndi cakudya ca osauka. Yamikirani cimene ciripo, ndipo onetsani cimene cingasinthidwe popanda ndalama: kusankha nshawa, kukweza thumba la ufa, kuziziritsa tiyi, kutulutsa mbaula panja.

Musanaphunzitse za katemera wa HPV ndi ziwalo za thupi, kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo, ndipo gwiritsani nchito mau aulemu amene anamwino amagwiritsa nchito. Mwana akafunsa funso lofunika dokotala, lilembeni ndi kuitana namwino wa ku kiliniki ya kufupi kuti adzayankhe. Pomaliza, ana amaphunzira ndi maso. Mphunzitsi amene amatuma mwana kukagula fodya pa kantemba wafafaniza yekha zonse zimene analemba pabolodi.

11. Zocita

(a) Fotokozani tanthauzo la khansa m'ziganizo zisanu zimene mwana wa Giredi 4 angamve.

(b) Pitani pa msika wa kufupi ndi koleji yanu. Lembani maina a ndiwo zamasamba, zipatso ndi mbeu za m'gulu la nyemba zimene mwapeza, m'mau a ogulitsa ndi m'mau a m'buku, pamodzi ndi mitengo yake. Konzani cakudya ca tsiku limodzi ca banja la anthu 6.

(c) Sonkhanitsani ziganizo zisanu zimene mwamva kapena kuwerenga zonena za mankhwala kapena zakudya zociritsa khansa. Lembani mneni wa ciganizo ciriconse, ndipo cilembeninso kuti cikhale coona.

(d) Lembani nkhani yanu yowerenga ya mau 120 yonena za kusamalira wodwala, pamodzi ndi mafunso 5.

(e) Kambiranani m'magulu: mtsikana wa m'kalasi lanu wakuuzani kuti amai ake anamuletsa kulandira katemera wa HPV. Mungalankhule nao motani amaiwo, ndipo mungapemphe thandizo kwa yani?